Maseŵera a Pafoni a Anthu Osaona: Mdima Wokometsera ndi Mawu Othandiza

Pakati pa zinthu zimene foni ya m'manja idabweretsa pali maseŵera aafupi otayitsa nthaŵi, amene munthu amayamba akudikira basi n'kuŵasiya basiyo ikafika. Salira kuphunzira kwambiri, ndipo salanga munthu akaŵasiyira panjira. Angry Birds, amene kampani ya Rovio ya ku Finland idatulutsa mu 2009, ndi Candy Crush Saga, amene adafika pafoni mu 2012, ndi ena mwa amene adatchukitsa mtunduwu. Onse aŵiriwo adapangidwira maso. M'maseŵera oyambawo munthu amalunjikitsa legeni, ndipo m'achiŵiriwo amandanda maswiti ofanana mtundu. Munthu wosaona akatenga foni yotero m'manja ankangomva nyimbo ndi phokoso la zinthu zophulika, osadziŵa chimene chala chake chakhudza.

Chiŵerengero cha anthu amene nkhaniyi ikuŵakhudza si chochepa. Kafukufuku amene adasindikizidwa mu 2021 m'magazini ya zaumoyo ya The Lancet Global Health adapeza kuti mu 2020 padziko lonse padali anthu osaona pafupifupi 43 miliyoni, ndi enanso 295 miliyoni amene maso awo adafooka ndithu. Chiŵerengero chachiŵiricho n'chofunika kuchisunga m'mutu, pakuti chikusonyeza kuti ambiri mwa anthu a vuto la maso amaonabe kanthu kena, kaya ndi kuŵala, mthunzi kapena zilembo zikuluzikulu.

Foni yagalasi, yopanda mabatani ogwirika, poyamba idaoneka ngati yotsekera anthu aŵa kunja. Pabawo munthu wosaona sasoŵa womuthandiza kwenikweni, chifukwa maenje 32 aja sasuntha ndipo chala chimatha kuŵerenga njere za m'dzenje lililonse. Galasi ndi losalala paliponse. Chimene chidasintha zinthu ndi pulogalamu yoŵerenga mokweza zimene zili pagalasipo. Kampani ya Apple idaika yake, yotchedwa VoiceOver, mu iPhone 3GS mu 2009, ndipo chaka chomwecho Google idatulutsa TalkBack ya mafoni a Android. Kagwiritsidwe ntchito kake n'kosavuta kufotokoza. Munthu akakhudza chinthu, foni imatchula dzina lake. Akatsetsereza chala kumanja, imatchula chinthu chotsatira. Akagogoda kaŵiri, chinthucho chimatseguka. Koma pulogalamuyi ilibe nzeru yodziŵira cholinga cha wopanga. Imadalira dzina limene iye adalemba kuseri kwa batani. Ngati sadalembe kanthu, foni imangoti "batani", ndipo pakakhala mabatani khumi imabwereza mawu omwewo kakhumi. Choipa koposa n'chakuti maseŵera ambiri amapangidwa ndi zipangizo monga Unity, zimene zimajambula zonse ngati chithunzi chimodzi, kotero kuti pulogalamu yoŵerenga ija imapeza galasi lopanda kanthu. Eni ake a Unity adadzaikamo njira yawoyawo yolumikizirana ndi VoiceOver ndi TalkBack mu 2023, patatha zaka 14.

Opanga maseŵera adayankha vutoli m'njira ziŵiri, ndipo njira imene idatamandidwa kwambiri si imene idathandiza kwambiri.

Yoyamba ndi ya maseŵera amdima, opanda chithunzi choti munthu n'kutsata. Otchuka mwa iwo ndi Papa Sangre, amene kampani ya Somethin' Else ya ku London idatulutsa kumapeto kwa 2010. Woseŵera ali kudziko la akufa, mumdima wandiweyani, kumene wapita kukapulumutsa mzimu wa munthu amene amamukonda. M'chipinda chilichonse ayenera kutola manotsi a nyimbo asanapeze khomo lotulukira. Kumunsi kwa galasi amagogoda kumanzere ndi kumanja mosinthanasinthana ngati mapazi, ndipo kumtunda ndiko amatembenukira uku ndi uku. Akafulumira mopitirira muyeso amapunthwa n'kugwa. Akaponda mafupa ali mbwee pansi, chilombo chimene chimaliza mkonono chapafupi chimadzuka n'kumulondola.

Luso la maseŵeraŵa lagona pa mmene makutu aŵiri amamvera. Phokoso lochokera kumanja limafika m'khutu lakumanja msanga pang'ono, ndiponso mokwera pang'ono, kuposa m'khutu linalo. Kusiyana kwa nthaŵiko sikufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, koma ubongo umakuzindikira n'kuuza munthu kumene phokosolo lachokera. Opanga Papa Sangre adaphunzitsa foni kutsanzira kusiyanaku nthaŵi iliyonse woseŵera akatembenuka, motero munthu wovala mahedifoni amamva chilombo chikufwenkha kumbuyo kwa phewa lake lakumanzere, tsitsi n'kumuimirira. Ulemu umene maseŵeraŵa adalandira udali woyenera ndithu. Woona ndi wosaona ankayambira pamzere umodzi, ndipo kaŵirikaŵiri wosaona ndiye ankatsogola. Padatsatira The Nightjar mu 2011, momwe muli mawu a Benedict Cumberbatch, ndi Papa Sangre II mu 2013, momwe muli mawu a Sean Bean. N'zoseketsa pang'ono kuti The Nightjar adapangidwa pofuna kutsatsa malonda a chingamu cha kampani ya Wrigley, koma ndalama za luso sizisankha kochokera.

Komabe pali funso limene otamanda aja sadalifunse mokwanira: kodi m'maseŵeraŵa kusaona kukutanthauza chiyani? Yankho lake ndi imfa, mantha ndi zilombo. Mdima wagwiritsidwa ntchito ngati tsabola wokometsera ndiwo za munthu woona, amene amalipira kuti alaŵe mantha kwa theka la ola kenaka n'kutsegula maso. Kwa munthu amene amayenda ndi makutu tsiku ndi tsiku, kudziŵa kumene kuli khomo pomvera mphepo ndi mawu a anthu si choopsa. Ndi mmene amapitira kumsika. Aphunzitsi a zolembalemba akuchidziŵa bwino chizoloŵezi chimenechi, pakuti m'nthano ndi m'mabuku ambiri khungu limabwera ngati chilango kapena chizindikiro cha umbuli, ndipo mwini khunguyo saloledwa kungokhala munthu wamba wokhala ndi ngongole ndi nthabwala zake. Maseŵera a A Blind Legend, amene kampani ya Dowino ya ku France idatulutsa mu 2015, adayesa kutembenuza nkhaniyi. Mwini nkhani ndi Edward Blake, msilikali wa lupanga amene saona, ndipo amatsogozedwa ndi mawu a mwana wake wamkazi Louise pokapulumutsa mkazi wake. Apa wosaona ndi ngwazi, ndipo kumeneku n'kupita patsogolo. Koma kuchoka pomumvera chisoni munthu n'kuyamba kumuzizwa si ulendo wautali kwenikweni. Konse kuŵiri akumuonerera patali.

Vuto lachiŵiri ndi la makutu enieniwo. Kuti luso lija ligwire ntchito pamafunika mahedifoni m'makutu onse aŵiri ndi malo abata. Munthu woona akatseka makutu pasiteji ya basi amatsalabe ndi maso oonera basi ndi akuba. Wosaona akatero wadzitsekera dziko lonse. Choncho maseŵera amene adatamandidwa kuti ngoyenera osaona ndi amene wosaona sangaseŵere pamalo pamene anthu ena onse amaseŵerera: pamzere wa kubanki, m'basi, pabenchi la kuchipatala. Ayenera kudikira afike kunyumba, atseke chitseko. Chicheŵa chimasiyanitsa bwino seŵero, limene munthu amakhalira pansi kuti alimvere mpaka kumapeto, ndi maseŵera, amene anthu amangoyamba popanda mwambo. Papa Sangre ali pafupi ndi seŵero la pawailesi limene womvera waloŵamo yekha. Ndi seŵero labwino, koma si chotayitsira mphindi zisanu. Nawonso anthu 295 miliyoni aja, amene chosoŵa chawo ndi zilembo zazikulu ndi mitundu yosiyana bwino, galasi lakuda bii siliŵapatsa kanthu kena kapadera.

Njira yachiŵiri ilibe ulemerero wotero. Ndiyo yongotenga maseŵera wamba n'kutchula chinthu chilichonse dzina lake molondola. Chitsanzo chake chabwino ndi A Dark Room, amene dzina lake, lotanthauza chipinda chamdima, lingasokeretse munthu kuganiza kuti ndi abale ake a Papa Sangre. Adaŵalemba ndi Michael Townsend mu 2013 kuti aziseŵeredwa pakompyuta, ndipo chaka chomwecho Amir Rajan adaŵasamutsira pa iPhone. Mulibe zithunzi, koma muli mawu olembedwa. Poyamba pali chiganizo chachifupi chonena kuti m'chipinda mukuzizira, ndi batani limodzi lokolezera moto. Moto ukayaka pamaloŵa mlendo wamkazi ali nyontho ndi chisanu, ndipo atatsitsimuka amanena kuti amadziŵa kumanga. Woseŵera amatola nkhuni, amatchera misampha, amamanga tinyumba, ndipo anthu ena amabwera kudzakhala. Amaŵagaŵira ntchito, ena kutola nkhuni, ena kusaka nyama, ena kufufuta zikopa. Zonsezi zimachitika pang'onopang'ono, moti munthu angathe kugogoda kaŵiri katatu, n'kuika foni m'thumba, n'kudzapitiriza madzulo.

Rajan sadalinge za osaona pochita ntchito yakeyo. Kungoti adagwiritsa ntchito mabatani ndi zilembo wamba za iPhone m'malo mojambula zakezake, ndipo VoiceOver idaziŵerenga popanda vuto. Adadzazindikira pambuyo pake kuti anthu osaona akuseŵera, ndiponso kuti akukakamira pamalo amodzi. Chapakati pa nkhani woseŵera amatuluka m'mudzi atanyamula nyama yofutsa ndi madzi, ndipo dziko limene akuyendamo lidajambulidwa ndi zilembo ndi zizindikiro za m'kalembedwe zondanda ngati mapu. Diso limaona nkhalango, chipululu ndi phanga. Khutu lidangomva mndandanda wa mipumiro ndi mipatuliro yosatha. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: oseŵera osaonawo ndiwo adanena pamene padali vuto, ndipo Rajan adakonza kuti mapuwo azifotokozedwa m'mawu omveka, kuti munthu athe kuyenda ndi kumaliza nkhani yonse. Mu 2014 maseŵeraŵa adafika pamwamba pa onse ogulidwa m'sitolo ya Apple ku America. Tanthauzo lake n'lakuti wosaona ankaseŵera chinthu chomwecho chimene mnzake wa kuntchito ankaseŵera, sabata yomweyo, ndipo ankatha kutsutsana naye za mathero ake.

Pali malo amodzi m'maseŵeraŵa amene mlembi aliyense ayenera kuŵalingalira. M'mene Rajan adaŵakonzera, woseŵera akamakulitsa mudzi wake ndi kuumirira ntchito, dzina limene lili pamndandanda wa anthu ake limadzasintha mwakachetechete, n'kukhala "akapolo". Palibe ng'oma kapena kulira kochenjeza. Liwu limodzi lokha lasinthidwa pamalo pamene munthu adazoloŵera kuona liwu lina, ndipo woseŵera amazindikira kuti wankhanza wa m'nkhaniyi ndi iye mwini. Woona angathe kulidumpha liwulo kwa kanthaŵi, pakuti diso likazoloŵera malo limaleka kuŵerenga. Womvera sangalidumphe. Pulogalamu yoŵerenga imalitchula ndi mawu ake aja osakwera osatsika, monga momwe imatchulira nkhuni ndi zikopa, ndipo kuuma kwa mawuwo kumawonjezera ululu wake. Apa mantha abwera popanda kubwereka khungu la munthu wina, ndipo afika kwa woona ndi wosaona kudzera pakhomo limodzi.

Sikuti A Dark Room alibe chilema. Pankhondo za m'chipululu mdani amamenya motsata nthaŵi, osadikira kuti liwu la foni limalize kunena zimene zachitika. Limeneli ndi vuto la maseŵera onse othamangitsana ndi wotchi. Diso limalandira zinthu zisanu nthaŵi imodzi, pamene khutu limazilandira chimodzichimodzi ngati anthu oloŵa pakhomo lopapatiza. N'chifukwa chake maseŵera opatsana mpata, monga a makhadi, madayisi ndi mawu, ndiwo amagwirizana bwino ndi womvera.

Amene adaona zimenezi msanga ndi Marty Schultz wa ku America. Adayamba ndi ana a sukulu ina ku Miami, amene adapanga nawo Blindfold Racer, otuluka mu 2014, momwe munthu amawongolera galimoto pomvera nyimbo: ikakula m'khutu limodzi ndiye kuti wayandikira mpanda wa mbali imeneyo. Pambuyo pake adapanga maseŵera oposa 80, ambiri mwa iwo wamba zedi, monga a makhadi, a domino, a bingo ndi a Sudoku. Pa luso lokometsera sangafanane ndi Papa Sangre ngakhale pang'ono. Dzina lawo lomwe, limene limatanthauza kansalu komanga kumaso, likuchokera kwa munthu woona, pakuti wosaona samanga kansalu. Ndiponso kupanga maseŵera a osaona okha kuli ngati kuŵamangira bwalo lawolawo kuseri kwa mpanda. Koma Schultz adamvetsa chinthu chimene akatswiri a ku London sadachilabadire: munthu wosaona akaŵeruka kuntchito safuna kuphunzitsidwa za mdima. Akufuna kutchova makhadi monga wina aliyense.

Ntchito yotsala m'maseŵera otereŵa ndi ya mlembi ndi mkonzi, ndipo ili ndi malamulo ake osiyana ndi a nkhani ya m'buku. Anthu amene adazoloŵera pulogalamu yoŵerenga amaithamangitsa kwambiri, mwina mpaka munthu wachilendo sangatolepo liwu, ndipo akangomva chimene akufuna amatsetsereza chala chiganizo chisanathe. Choncho chimene chimasinthasintha chiyenera kukhala patsogolo, ndipo chimene sichisintha chitsalire kumbuyo. Tayerekezani kuti wina waika bawo pafoni. Akalemba kuti "Ili ndi dzenje lachitatu la mzere wakutsogolo, ndipo muli njere zisanu", walemba Chicheŵa chabwino koma wazunza woseŵera, amene ayenera kumva mawu oyambawo maulendo 32 kuti adziŵe mmene bawo lonse lilili. Akalemba kuti "zisanu, lachitatu, kutsogolo", mphunzitsi angathe kudula ndi inki yofiira, koma woseŵera wathandizika. Lamulo lina n'lakuti chinthu chimodzi chikhale ndi dzina limodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mlembi wa nkhani amaphunzitsidwa kupewa kubwereza liwu, koma pano batani limene patsamba loyamba ndi "bwerera" silingakhale "pita m'mbuyo" patsamba lachiŵiri, chifukwa womvera adzayesa kuti ndi mabatani aŵiri osiyana. Lachitatu n'lakuti zochitika zizinenedwa pamene zachitika. Mnzake akaseŵera, foni iyenera kunena chimene wachita, m'malo modikira kuti wosaona afufuze galasi lonse kuti apeze chimene chasintha.

Kuti maseŵera ndi a mawu sizitanthauza kuti ndi omveka. Wordle, amene Josh Wardle adatulutsa poyera mu 2021 ndipo nyuzipepala ya The New York Times idagula kumayambiriro kwa 2022, amafuna kuti munthu alote liwu la zilembo zisanu m'maulendo asanu ndi limodzi. Zilembo zili pomwepo, koma poyamba yankho lonse lidali m'mitundu: chobiriŵira ngati chilembo chili pamalo pake, chachikasu ngati chilimo koma chasokera, chotuŵa ngati mulibe. Kwa amene sasiyanitsa mitundu ina padali njira yosinthira kuti ikhale ya lalanje ndi yabuluu, ndipo chimenecho chidali chanzeru. Koma pamene anthu miyandamiyanda adayamba kugaŵana zotsatira zawo ngati timabokosi tamitundu mu 2022, anzawo osaona ankamva foni ikutchula bokosi lililonse palokha, nthaŵi zina mpaka 30, popanda chosonyeza pamene mzere wathera. Chiganizo chimodzi chonena kuti liwu lapezeka paulendo wachinayi chikadakwanira.

Kwa olemba m'Chicheŵa pali chopinga china chimene wa Chingerezi sakumana nacho. Liwu la foni likakhala lotchera Chingerezi, limaŵerenga chilichonse motsata malamulo a Chingerezi. Limatchula "ph" wa m'liwu loti "phiri" ngati "f", limasokoneza "th" wa m'liwu loti "thumba", ndipo pa "ng'ombe" limapunthwa ndithu. Munthu woŵerenga ndi maso saona vuto lililonse patsambapo. Motero mkonzi wa mawu a m'maseŵera otere sangadalire pepala lokha. Ayenera kutseka maso, kuyatsa pulogalamu yoŵerenga, n'kumvera yekha chimene chikutuluka, ndipo koposa apo apereke foniyo kwa munthu amene amaigwiritsa ntchito motero masiku onse.

Chomvetsa chisoni pa maseŵera onseŵa n'chakuti sakhalitsa. Buku la zilembo za Braille likasindikizidwa limakhala pashelefu zaka makumi angapo, koma maseŵera a pafoni amafa wopanga akangoleka kuŵakonza, chifukwa mafoni amasintha chaka ndi chaka. Mu 2017 Apple idatulutsa iOS 11, imene idaleka kutsegula mapulogalamu akale amene sadakonzedwenso, ndipo ambiri adathera pomwepo. Papa Sangre, The Nightjar ndi Papa Sangre II adachoka m'sitolo ya Apple, pamodzi ndi mawu a akatswiri aja. Woona akataya maseŵera amodzi amapeza ena zikwizikwi. Wosaona amasankha pa ochepa, ndipo amodzi akachoka mpata wake umaonekera.

Chaka chomwecho cha 2017 maseŵera a Schultz adatsala pang'ono kutsata njira yomweyo. Apple idali ndi lamulo loletsa munthu mmodzi kudzaza sitolo ndi mapulogalamu ofanana, ndipo oyang'anira ake, poona maseŵera ambirimbiri a dzina limodzi ndi maonekedwe amodzi, adakana kulandira zokonza zatsopano pokhapokha ataŵaphatikiza kukhala ochepa. Kwa munthu woyang'ana ndi maso adalidi ofanana, pakuti kusiyana kwawo kudali m'mawu ndi m'phokoso. Schultz adalengeza kuti aleka ntchitoyo. Oseŵera osaona adadandaula mwamphamvu, ndipo pasanapite nthaŵi yaitali kampaniyo idabweza ganizo lake n'kulola kuti maseŵerawo apitirire monga adaliri.